Kamera Yongodziwa Kukoka

Lolemba

Ndaziona anyamuka Lamulungu. Akutsatira mwamuna wake ku Joni, pamodzi ndi kamdzukulu kanga Lonjezo. Mwana wanga mmodzi yekhayo!

Ndagamula: ndigula kamera. Moyo wanga wonse ndinali weta ku hotela ku Makokola, kujambula azungu ndi makamera awo. “Dinani apa, bambo.” Ndadina mpaka kupuma pantchito, koma pakhoma panga pali kalendala ya sitolo ya simenti basi.

Ndaziona akuti, “Ababa, ndizikutumizirani pafoni.” Pafoni yanga ya mabataniyi? Ine ndikufuna chithunzi chopachika pamsomali, chojambula ndekha.

Kamera yake ikhale:
– yosavuta, mabatani ochepa
– yopirira mchenga
– ya mtengo wosapitirira mbuzi imodzi

Mbuziyo yapita kale. Amake Ndaziona sakundiyankhula.

Lachiwiri

Ku boma, Mangochi. Minibasi, kenako kabaza. Ndalowa m'sitolo ya magalasi okhaokha, ndafunsa mtengo, ndapempha mpando. Imeneyo si ya mbuzi ayi, ndi ya ng'ombe ndi mwana wake yemwe.

Wogulitsa akungotchula mamegapikiso. Ndikugwedeza mutu ngati ndi abale anga. Malangizo ake omaliza: “Madala, ingogulani foni.” Wamufunsa ndani?

Lachitatu

Ku boma kachiwiri. Mumsika, pa benchi ya Che Amidu, wogulitsa zamagetsi zakaunjika. Pakati pa matochi ndi mawailesi pali makamera awiri:
– yofiira, yaing'ono ngati sopo, yopanda chaja
– yakuda, ya mlomo wautali ngati kakowa

Che Amidu anyamula yakudayo. “Iyi imakoka, achimwene. Walahi! Munthu ali kutali uko, imamubweretsa pano pamphuno.”

Ndatuluka nayo pamsewu, ndasuzumira. Mayi wina ali kutali zedi atasenza dengu, koma ndikuona mpaka thukuta pachipumi pake!

Ine mwana wa msodzi, kukoka ndimakudziwa. Ukakoka khoka, chili m'madzi chimafika kumtunda. Mtima wangoti phwii. Ndagula osanenerera n'komwe.

Lachinayi

Magetsi kulibe. Kamera yagona pamphasa ngati mlendo wodwala. Ndapita nayo kwa wometa tsitsi, iye ali ndi sola. Akuti chaja chake ndi cha mano achilendo. Wamangirira ndi waya, chatheka.

China: ikufuna kakhadi kosungira zithunzi. Zimenezi Che Amidu sananene! Tambala wathu wofiira wapita. Amake Ndaziona ayankhula tsopano: “Mawa mugulitsa ine.”

Madzulo Ndaziona akulongedza. Wapinda chitenje chimene ndinamugulira atakhoza mayeso. Ndatuluka panja, ati ndikaone mbuzi. Mbuzi yake iti?

Lachisanu

Tsiku loyesera. Kalanga ine! Kabatani kobwezera mlomo m'kati n'kakufa. Kamerayi imangodziwa kukoka, kubweza ayi. Munthu akaima pafupi, sakwana m'menemo.

Zomwe ndajambula lero:
– khutu la Lonjezo
– mphuno ya amake Ndaziona, yokwiya
– ntchentche pathandala la usipa, yooneka bwino kwabasi

Ndawaimbira Che Amidu. “Achimwene, munafuna yokoka. Anthuwo akakhala pafupi, inuyo muzipita kutali.” Adula foni.

Chabwino. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mawa ndipita kutaliko.

Loweruka

Tsiku la chithunzi! Onse atatu avala za kutchalitchi. Ndawaimika pansi pa mlambe kugombe kwathu kuno ku Nkhudzi. Ine ndavala suti yanga ya ku hotela.

Ndikubwerera chambuyo. Mitu yokha. Chambuyo ndithu. Mchenga watha. Madzi m'akakolo. M'mawondo. M'chiuno! Tsopano akukwana onse.

Ndikukuwa, “Sekani!” Sakumva. Amene akuseka ndi asodzi osoka maukonde, mpaka wina wagwa pabwato. Mwera ukundikankha, kamera ikugwedezeka. Ndadina, ndadina, ndadinanso.

Chatuluka: mlambe ndi mizukwa itatu.

Ndaziona waseka mpaka misozi. Kuseka kwatha, misozi osaleka. Akuti, “Ababa, mukanangokhala nafe pamthunzi.”

Akunena zoona. Sabata yonse ndathera ku boma ndi kwa wometa, ndipo tsiku lomaliza ndalithera m'nyanja, kumuyang'ana mwana wanga patali ngati wapita kale. Zikundiwawa kwambiri.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite. Pamsewu m'mawa, kudikira minibasi. Yabwera msanga, mwina koyamba chibadwire changa. Kondakitala akumenya chitseko. Mawu onse amene ndinakonza athawa, ndangomuuza Ndaziona kuti, “Usaiwale juzi, kumeneko kumazizira.”

Yanyamuka. Fumbi. Amake Ndaziona akuti, “Yapita, tiyeni.” Ine ndakweza kamera, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndi uyo! Pawindo lakumbuyo, Ndaziona, nkhope yonse, akuyang'ana kuno. Lonjezo wakanikiza chikhatho pagalasi. Amake Ndaziona sakuwaonanso, ine ndikuwaona bwinobwino. Kani ntchito ya kamerayi ndi imeneyi, kujambula anthu amene akupita.

Ndadina kamodzi. Chagwira. Batire latha pompo.

Mawa ndikatsukitsa chithunzicho ku boma. Kalendala ya simenti ndatsitsa, msomali ukudikira.

Che Amidu sananame, imakokadi. Kungoti khoka ukakoka, nsomba zimafika m'manja. Iyi imakoka nkhope yokha, mwini wake n'kumapitabe.

Masana amake Ndaziona atulutsa mbale zinayi, mwachizolowezi. Tadya awiriwiri. Palibe amene wabweza ziwirizo.