Nkhafi ya a Fackson Mbewe

Boma lalengeza kuti kuyambira mwezi uno mamesenjala onse azipendeketsa zipewa zawo kumanzere, osati kumanja. Tathokoza. Lamuloli lawaphonya a Fackson Mbewe a ku Sinda, mesenjala wopuma, poti tinawaika m'manda sabata yatha. Anali munthu yekhayo m'dziko muno wopalasa bwato pamchenga.

Zinayambira pamsonkhano wa Chitaganya. Bwana Disi, mzungu woyang'anira dera lathu, anatiuza kuti dziko limalamulidwa ndi anthu ochokera ku mayunivesite akuluakulu a ku Mangalande. Nduna zonse zinadzera kumeneko, iwonso kumeneko, ife tiyambe tadikira. Komabe analonjeza kuti sukulu yathu, yolekezera Sitandade 4, aiwonjezera makalasi "posachedwa".

A Mbewe, poti ankalowa mu ofesi, anali ataona chimene bwanayo anabwera nacho kuchokera ku yunivesiteko: nkhafi ya mpikisano wa mabwato wa ophunzira, yopachikidwa pakhoma, yolembedwa mayina ndi utoto wagolide.

"Bwana, nanga mabuku ali kuti?"

"Utsogoleri ndinauphunzira ndi ichi, Fackson."

Basi. A Mbewe anasema nkhafi ya mlombwa, nakhazika mwana wawo Ottilia pachipika mumtsinje wouma. Mtsikanayo anali woyamba m'kalasi, sukulu itamuthera, ndipo amalume ake anali atayamba kale kulandira akamwini ofunsira.

"Palasa, Ottilia! Wongola msana!"

"Atate, madzi mulibe."

"Nanga makalasi alipo? Palasa! Akadzatsegula adzakupeze uli patsogolo."

Akazi awo, a Elina, ankakuwa ali kumtunda: "Inu, nsawa zikumera m'munda! Ulendo wakuti?"

"Wa ku Nyumba ya Malamulo, mayi!"

Tinkaseka. Bwana Disi atamva anabwera ndi alendo ake kudzajambula. Anaseka mpaka kupukuta misozi, nabwereza lonjezo lija. A Mbewe anamenya saluti, thukuta lili kamukamu, mwana ali ndi matuza m'manja. Ine kuseka ndinalekera pomwepo. Mkuluyu sanali wamisala ayi. Anangomvera munthu wophunzira kwambiri, monga mmene tonse timauzidwira.

Chaka ndi chaka a Mbewe ankayenda wapansi kukafunsa za makalasi aja ku Boma. Ma Disi ankasintha, aliyense ndi tayi ya kusukulu kwake. "Posachedwa" yekha ndiye sanasamutsidwe.

Masiku ano mumtsinje muja muli zii. Chipika chija chikudyedwa ndi chiswe, ndipo odutsa amachilambalala mwaulemu ngati manda. Ottilia anakwatiwa ku Vubwi, ali ndi ana awiri. Nkhafi ija a Elina akuvundulira thobwa.

Sukulu yathu imalekezerabe Sitandade 4.