Mawu Anga Atathawira ku Chitimba

A Mhango, siyani kaye bawoyo, ndipo kumwetulira kumeneko mukasungire apongozi anu. Amene akuti ndimanama aimirire pompano, andiyang'ane m'maso, atchule munthu wina m'Nkhamanga muno amene anaphunzitsapo ana kulankhula kuposa ine Chimphonda, mphunzitsi wopuma pantchito. Palibe? Basi, tcherani khutu.

Boma litanditumiza kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu, Chitumbuka ndinachimaliza masana amodzi, ndili m'minibasi kuchoka pa Rumphi boma kudza pa Bolero pano, moti potsika ndinali nditadziwa kale yewo ndi chomene, ndipo zotsalazo ndinaona kuti n'zongokometsera. Pasukulu imene ndinafikira, ahedi anandipatsa masikauti khumi ndi awiri, ana omanga masikafu bwinobwino koma a duu ngati zitsa, ukawafunsa dzina ankayang'ana pansi ngati dzinalo aligwetsa mumchenga. Ahedi sanabise mawu: temu ikatha ana amenewa asanapeze baji ya luso la kulankhulana, gululo latha, ndipo Lachisanu masana m'malo mwa usikauti azikapalira munda wa sukulu. Amene ankandimvetsa chisoni kwambiri anali Lusungu, mtsikana wachibwibwi wa Sitandade 7, amene anzake anamuseka mpaka anasiyiratu kutsegula pakamwa. Bambo ake, a Gondwe, eni munda wa chimanga wogundana ndi bwalo la sukulu, anali atanena kale kuti sikafu siidyedwa, mwana abwerere kunyumba azikathandiza kusoka fodya.

Ndinavula jekete, ine. Phunziro loyamba linali la kaperekedwe ka moni, ndipo ndinaliyamba Lolemba belu litangolira, ndinalankhula osameza malovu, osakhala pansi, osabwereza liwu, mpaka ndinalimaliza Lachinayi, moti mbuzi zimene zinkadya kuseri kwa kalasi zinaphunzira ulemu zisakufuna, ndipo mpaka lero mukadutsa kumeneko tonde amayamba wagwada kaye asanakugundeni. Mukumva? Phunziro la kukweza mawu ndinawaonetsa ndekha, ndinakwera pachulu n'kufuula kuti "Sikauti, tcheru!" ndipo mbidzi za ku Nyika zinafola pamzere, minibasi zitatu zinaima zokha popanda wokwera, netiweki ya foni imene inasowa sabata yathunthu inabwerera ikunjenjemera. Kenaka mbendera, kenaka wezulo, kenaka kalongosoledwe ka njira kwa mlendo, kenaka kaimbidwe ka foni pakagwa ngozi, zonsezi wochita ndine, miyezi itatu yathunthu, ndipo ana aja sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Wina akakweza mkono ndinkadziwiratu funso lake n'kuliyankha asanalifunse, chifukwa mphunzitsi weniweni satopetsa mwana. Lusungu anakweza mkono kasanu ndi kawiri temu imeneyo. Kasanu ndi kawiri konseko ndinamupulumutsa.

Tsiku la mayeso kunabwera mayi Msiska, woyesa masikauti wochokera ku Mzuzu, munthu wa magalasi ndi kabuku m'manja, wosaseka wamba. Ana anafola pabwalo, makolo anakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndinayamba mawu olandira mlendo, ndipo ndisanamalize n'komwe kufotokoza za ubwana wanga tinamva mapesi akuthyoka. Njovu, a Mhango! Njovu ya ku Vwaza, yamphongo, dzuwa likuswa mtengo, yaikulu moti mthunzi wake unayamba kufika n'kukhala pansi kudikira mwini wake, inali italowa m'munda mwa a Gondwe, ikuzula chimanga mapesi anayianayi ngati mayi akuthyola nkhwani.

Makolo anabalalika, ahedi analowa muofesi n'kudzikhomera kuti ateteze marejisitala, ine ndekha ndinapita kukakumana nayo, manja ali m'thumba. Ndinailankhula Chichewa chomveka, chodekha, ndinaifotokozera kuipa kwa kuba ndi ubwino wa kupempha, koma inkangokupiza makutu, ndipo ndinazindikira kuti nyama yobadwira kuno imamva Chitumbuka chokha. Ndiye ndinatsokomola, ndinailoza chala, n'kuikalipira ndi Chitumbuka changa chonse: "Yewo chomene!" Njovu ija inandiyang'ana, inagwedeza mutu ngati ikuti musavutike n'kuthokoza, n'kuyamba mzere wachiwiri.

Apo ndinapsa mtima. Ndinakoka mpweya wonse wa m'Nkhamanga mpaka zigafa za fodya zinapendekera kwa ine, n'kukuwa mfuu imene sinamvekepo chilengedwere dziko, ndipo mawu anga, ndikulumbira pali mayi anga ku Ntcheu, anazuka ndi mizu yomwe, anatuluka m'kamwa ine ndikuwaona, anadumpha mapiri, anapitirira Livingstonia osapereka moni, n'kukagwera ku Chitimba mu ukonde wa asodzi. Mukumva? Ine ndinatsala ndikungoyasamula ngati mlamba wa pamtunda, njovu ikubwera, chitamba chili m'mwamba, mtunda wotsala ngati pano ndi pagolosale apo.

Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka kamawu kamene ndinali ndisanakamvepo.

"A-a-asambizgi, b-bwererani pang'onopang'ono. Musathamange."

Anali Lusungu. Ndinafuna kumuuza kuti mwana salamula mphunzitsi, koma ndikanamuuza ndi chiyani? Ndinabwerera. Mtsikana uja, chibwibwi chikumugwira pa liwu lililonse koma iye osalisiya liwulo mpaka litatuluka, anagawa ntchito: asanu akatenge mabeseni ndi zitini kukhitchini ya phala, anayi akatsekereze tiana ta Sitandade 1 timene tinkathamangira kudzaona, awiri akwere pachulu aziimba wezulo katatukatatu kuti akumidzi adziwe. Kenaka anapita kwa mayi Msiska, anagwada, anapempha foni, anawerenga nambala pachikwangwani cha pakhoma la ofesi n'kuimbira agemu, alonda a nyama zakutchire a ku Vwaza. Anatchula dzina lake, dzina la sukulu, pokhotera pake pachigayo, ananena kuti njovu ndi imodzi, wovulala palibe, kungoti aphunzitsi athu mawu awathawa.

Mabeseni analira, wezulo inalira, ana amene ndinkawayesa zitsa aja anakuwa Chitumbuka chimene sindinachipeze m'minibasi muja, ndipo njovu inatembenuka n'kumapita monyinyirika, agemu anakumana nayo kudambo n'kuiperekeza kwawo. Theka la munda linapulumuka. A Gondwe anatulukira thukuta lili kamukamu, anayang'ana chimanga chawo, anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenaka anamuwongolera sikafu imene inapotoka pakhosi. Za fodya sanatchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Mayi Msiska anatseka kabuku kaja osafunsa funso ngakhale limodzi, anapereka mabaji khumi ndi awiri pomwepo, ahedi akuomba m'manja pawindo, kenaka anandikokera pambali. "Aphunzitsi," anatero, "ana awa kulankhula amadziwa. Chimene ankasowa ndi mpata." Mwamva? Mpata! Nanga anawapatsa mpatawo ndani? Alipo mphunzitsi wina m'dziko muno amene anazula mawu ake enieni n'kuwaponya kuseri kwa mapiri kuti ana ake apeze baji? Imeneyo inali njira yanga, ndinachita kuikonza dala, ngakhale kuti njovuyo sindinapangane nayo.

Mawu anga anabwera patatha milungu iwiri pa matola, atakulungidwa m'nyuzipepala, akununkha usipa, asodzi atadandaula kuti akuwathamangitsira nsomba ndi malangizo. Nditawameza n'kuyesa moni Lachisanu lotsatira, masikauti onse anagwetsa misozi. Ya chimwemwe, a Mhango, musandiyang'ane choncho.

Lusungu lero ndi namwino, amalankhula ndi odwala tsiku lonse, chibwibwi chake chili pomwepo ndipo palibe amene amachilabadira. Mwezi wathawu anabwera kudzalankhula kwa masikauti atsopano, ine ndili pampando wakutsogolo ngakhale kalata yondiitana inasochera panjira, ndipo mwana wina atamufunsa kuti anamuphunzitsa kulankhula pagulu ndani, iye anayankha kuti njovu. Anthu anaseka, ine ndinaimirira n'kuwerama mothokoza. Nanga m'Bolero monse muno, njovu inanso ndi iti?