Msomali wa pa Benchi la ku Kasakula

Mathalauza awiri ndiwo anandiphunzitsa chimene zaka zanga zonse za kafukufuku zinalephera kundiphunzitsa.

Ntchito yanga inali yofufuza chifukwa chimene ana a kumudzi amatsalira m'maphunziro. Nditapuma pa ntchito, mayi a kunyumba atatisiya, ndinkakhala ndekha, wondiyankha ali wailesi. Sukulu yaulere itangoyamba, ana anasefukira pansi pa mitengo, ndipo ndinakhometsa madesiki kuti ndipatse sukulu yosowetsetsa mwa ziwiri: ina ya ku Dowa, ina ya kufupi ndi Kasakula.

Ya ku Dowa ndinaidzidzimutsa, ndipo ndinapeza ana atakhala pa miyala. Koma ku Kasakula ndinatumiziratu uthenga (ine amene ndinkaletsa ophunzira anga kuchita zimenezi). Kunena zoona, ndinkalakalaka kuyembekezeredwa ndi munthu.

Mphunzitsi wamkulu, a Kamwendo, anandilandira ndi nyimbo. Mwana aliyense anali pa benchi! Nditakhalapo kuti ndione kulimba kwake, msomali unang'amba thalauza langa kumbuyo. Nkhuku anandiphera, koma ndinaidya ndekha mu ofesi, atanditsekera chitseko mwaulemu. Potsanzika, chipewa chili kumbuyo m'malo mwa kumutu, ndinawayamikira kuti sukulu yawo ndi ya mwanaalirenji. Anangoti zikomo. Madesiki anapita ku Dowa.

Patapita masabata, kusungulumwa kunanditengera ku tchalitchi cha ku Kasakulako, poganiza kuti kumeneko akundidziwa. Ndinakhala kutsogolo. Poimirira kuti tiimbe, ndinamva kung'ambika kwa nsalu kumene ndinali nditakumvapo kale. Ndinayang'ana pansi: msomali womwe uja, benchi lomwe lija.

A Kamwendo, amene analinso mkulu wa mpingo, anandinong'oneza kuti mabenchiwo anawabwereka kwa abusa tsiku lija, ndipo anawabweza ndisanafike n'komwe patali.

"Nanga bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

"Tikanakulandirani bwanji, bambo, ana ali pa fumbi? Madesiki aja tikuwadikirabe."

Ndinawauza zoona, kuti anapita ku Dowa, nyimbo ili m'kati. Sanakwiye. Anavula jekete lawo nandipatsa kuti ndimange m'chiuno, ndipo chimenechi chinandipweteka kuposa msomali.

Madesiki a ku Kasakula anafika chaka chotsatira, ana atatha dzinja lonse pansi. Ndinawaperekeza osatumiza uthenga. Panalibe nyimbo, panalibe nkhuku, koma a Kamwendo anandigawira chimanga chootcha, tinadyera limodzi pakhonde.

Mathalauza aja ndinawasoka ndekha.