Tsiku limene ndinasupuka pachinkhoswe

Ku Nchilamwela kuli anthu amene mpaka lero akakumana nane amayamba ayang'ana kaye nkhope yanga, moni pambuyo. Sindiwadzudzula. Ndinaziyamba dala.

Kale ine ndinali mnyamata wooneka bwino (ondidziwa nthawi imeneyo atsala ochepa, ndiye mungokhulupirira). Ndili kapitawo pa esiteti ndinkavala kabudula wakhaki wosita ndi simbi ya makala, tsitsi nditang'amba seda. Ndikamadutsa m'mizere ya tiyi m'mawa, chiperoni chikuwaza, atsikana othyola ankaiwala kuponya masamba m'dengu. Panali mmodzi yekha, wamfupi, amene sankatembenuka n'komwe. Ankati ndimayenda ngati esiteti ndi ya malume anga. Ameneyo ndi amene ndinakwatira, amake Esinati.

Zaka zapita. Ndinapuma ntchito, tikulima kamunda kathu ka tiyi ku Kapichi, ndipo dzuwa lalemba pankhope panga mizere yoposa ya m'mundamo. Sizinkandikhudza mpaka tsiku lina pamsika wa Bvumbwe, mayi wogulitsa tomato atandiitana.

"Agogo, mugulireni mwana wanuyu tomato, wapsa bwino."

Amake Esinati anaseka mpaka kugwira benchi. Ine ndinaseka mano okha.

Chowasalalitsa nkhope amake Esinati ndinkachidziwa. Esinati wathu, amene ndi nesi ku Blantyre, anawabweretsera kachubu ka mafuta odzola, ndipo powalangiza ndinali pomwepo.

"Amayi, m'menemu muli vitamini A. Amathandiza kuti khungu lakale lizichoka, latsopano lizibwera, makwinya ang'onoang'ono n'kumachepa. Koma zimatenga miyezi. Muzidzola kochepa ngati kanjere ka nandolo, madzulo okha, modumphitsa masiku, ndipo dzuwa muzilipewa."

Pa mawu onsewo, ine amene anandikhala m'mutu ndi akuti makwinya amachepa.

Ndiye kunali kukubwera chinkhoswe cha Agnesi, mwana wa mlongo wanga, ndipo monga malume ndinayenera kukayankhula pagulu. Ndinawerengera ngati mlimi wothira feteleza mvula itachedwa: ngati kanjere ka nandolo kamagwira pa miyezi, chala chodzadza chigwira pa sabata. Amake Esinati akangosenza ndowa kupita kumjigo, ine kuchipinda, kupaka nkhope yonse ngati ndikuzira khoma. Madzulonso chimodzimodzi. Ndikatero ndinkapita kumunda padzuwa la Okotobala, chipewa nditachisiya dala kuti mankhwala alowerere.

Poyamba kunangoyabwa, ndipo ndinati ayamba ntchito. Kenako kunayamba kuwotcha ngati ndasamba tsabola. M'mbali mwa milomo munathetheka moti kuyasamula kunali nkhondo. Munthu wanzeru akanasiya pamenepo. Ine ndinawonjezera.

M'mawa wa chinkhoswe nditayang'ana pagalasi, ndinapeza nkhope ikusupuka ngati khungwa la bulugamu, pena mbuu, pena bii. Amake Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Esinati, chachitika n'chiyani?"

"Ndi mphepo," ndinatero. Kunja tsamba silinkagwedezeka n'komwe.

Pofuna kubisa ndinapaka mafuta ophikira, ndipo ndinafika ku Nchilamwela ndikunyezimira ngati mandasi.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira. Thukuta linalowa m'ming'alu muja, misozi n'kuyamba yokha. Amayi ena kumbuyo ndinawamva akuti, "Malumewa amamukonda mwanayu," ndipo ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma popukuta ndi mpango, tizikhungu tinagwera pajekete yakuda ngati gaga. Nthungululu zinazima. A kuchimuna anayamba kunong'onezana, mpaka nkhoswe yawo, bambo waulemu wa imvi, anatsokomola.

"Pepani achimwene, tifunseko poti tikulowa m'banja. Matenda a pakhunguwa ndi a kumtundu kwanu?"

Agnesi anazolika. Mlongo wanga anandiyang'ana ndi maso oti ukwati wa mwana wake ukathera pano, inenso ndithera pomwepa. 

Ndi amake Esinati amene anaimirira, n'kukonza chitenje, n'kuyankha modekha.

"Si matenda, bambo. Akhala akundibera mafuta odzola. Amafuna kukhala mnyamata."

Anthu anaseka mpaka oyimbitsa zoimbira anazimitsa nyimbo. Nkhoswe ija inandigwira chanza ikupukuta misozi, n'kundinong'oneza kuti ndikapeza mafuta ogwira bwino ntchito ndiwauzeko. Chinkhoswe chinapitirira.

Pobwerera tinadzera njira ya m'tiyi, dzuwa likupendeka, mizere ili biriwiri ngati kale lomwe. Tili m'njira, amake Esinati anandigwira pamphumi ndi chala (ndinalumpha, panali pakuwawabe).

"Makwinyawa munkalimbana nawo chifukwa chiyani? Awatu ndinawaona akubwera. Ili ndi la chaka chimene Esinati anadwala chikuku. Ili ndi la nthawi imene matalala anatiwonongera tiyi. Mukawafufuta, ine ndizikumbukira ndi yani?"



Esinati atamva pafoni anandilamula kuti ndisiye, ndizisamba madzi okha, ndizivala chipewa. Khungu linapola, mawanga akuda okha ndi amene anachedwa kuchoka. Ndinaphunzira kuti nkhope si munda. Koma wojambula analipo tsiku lija, ndipo chithunzi chachikulu cha banja lonse anachikoleka pabalaza pa Agnesi, ine ndili pakati ndikung'anima. Ndawapempha kangapo kuti achitsitse, akana. Ndikapitako ndimasankha mpando wochifulatira.