Mkono wa Mpongozi wa a Gwirize

Mwambi umene mumasekera nawo anzanu obisa nkhope uja, ana inu, unayamba chonchi.

A Gwirize anali nkhalamba yosunga mwambo mopitirira. Akakumana ndi mpongozi wawo Nankhoma panjira, ankapatukira m'tchire ngakhale muli chitedze. Tsono atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, wowadikirira anali Nankhoma yemweyo, pakuti mwana wawo anali ku Joni, ndipo akazi awo, a Naphiri, anali osaona.

Chifuwa chitapepuka, namwino anawauza kuti, "Agogo, mwachira. Chatsala n'kuyenda. Mukamafika pakhomo paja n'kubwerera, tikutulutsani. Bedi limadya miyendo. Mayiwa azikugwirani m'khwapa."

"M'khwapa mwa yani?" anatero a Gwirize. "Mpongozi? Mwanawe, kwanu kulibe akuluakulu?"

Pabedi loyandikana panali a Tebulo, katswiri wokumba mbewa. Iwo ankayenda m'mawa uliwonse atakolekera mkono paphewa la mpongozi wawo, uku akubuula. "Dzukani achimwene," ankatero. "Mwambo tikaupeza kumudzi."

A Gwirize ankangofunda bulangete kumutu. Namwino akabwera, ankaliza mkonono wabodza. Nankhoma akagwada n'kunena kuti, "Bambo, amayi akufunsa tsiku lobwera," iwo ankayankha khoma. Kwawo ankakufuna ndithu, ndipo akaganiza za mkazi wawo akupapasa yekha pakhomo, misozi inkalengeza. Koma manyazi ankaposa.

A Tebulo atatulutsidwa, mtima wa a Gwirize unawawa. Masana ena Nankhoma atapita kukachapa, a Gwirize anati ayese okha, asawaone munthu. Anatsitsa mapazi, naima. Miyendo inangoti lobodo ngati therere, iwo pansi khu! Nsalu imene anamanga m'chiuno inatsala pabedi. Pomwepo anamva mawu a Nankhoma pakhomo, ndipo munthu wamkulu, wa zidzukulu zake, anakwawira kunsi kwa bedi.

"Bambo, tulukani, simenti ikuzizira."

"Kulibe munthu kuno!"

Wodi yonse inafa nacho chiseko. Ngakhale ine ndikanaseka. Koma a Gwirize anakhalitsa pansi pozizirapo mpaka anachita kuwakoka, ndipo kuyambira tsikulo sanayerekezenso kutsitsa phazi.

Miyendo inafota. Msana unatuluka zilonda, chibayo chija n'kubwerera. Tsono taonani: munthu amene ankakana kugwiridwa mkono, Nankhoma yemweyo ndiye ankamutembenuza, kumusambitsa ndi kumuchotsera zoipa. Tsiku lina a Gwirize anamuyang'ana m'maso koyamba, nati, "Mayi, mawa mundigwire, tiyese." Mawalo silinawapeze.

Galimoto itaima pakhomo kumudzi, a Naphiri anatuluka akupapasa khoma. "Atsika okha?" anafunsa. Nankhoma anangoyamba kulira.

Pamaliro anabwera a Tebulo, ndi miyendo yawo, ndodo ili m'manja. Anthu anawafunsa chimene chinapha mnzawo wochira kale.

"Ine ndafukiza mauna ambiri," anatero. "Utsi ukalowa, mbewa yotuluka anthu akuiona nthawi zina imapulumuka. Imene timaipeza itauma ndi ija yokana kuonetsa nkhope. Mbewa ya manyazi idafera kuuna."