Bwana Mapazi a ku Wigston

A Charles a ku Wigston, kufupi ndi mzinda wa Leicester, sankakhulupirira nkhope ya munthu. Ankati nkhope imanama, koma phazi ayi. Aliyense wolowa m'nyumba mwawo ankavula nsapato ndi sokosi kuti amuone mapazi.

Khalidweli analitenga asanamere ndevu, atapatsidwa asilikali a Keyala ochokera ku Zomba kuti awatsogolere kunkhondo, m'nkhalango za ku Malaya. A Charles ankati mdani sanamuone n'komwe. Chimene chinkagwetsa amuna chinali linyetsu ndi misundu. Choncho m'mawa uliwonse mzungu wachinyamatayo ankagwada n'kumasuzumira pakati pa zala za abambo akuluakulu, iwo akumuseka. Chinyanja anaphunzirira pomwepo, napatsidwanso dzina loti Bwana Mapazi.

Angeline, mayi wa ku Ntcheu wosamalira okalamba, anafika kunyumba kwa a Charles masamba akuyoyoka, mvula yamvumbi itamunyowetsa kuchokera pabasi.

"Sajeni, vula nsapato," anatero nkhalambayo m'Chinyanja.

Chikwama chinangotsala pang'ono kumupulumuka Angeline. Kunyumba ana ake omwe ankamuyankha m'Chingerezi.

"Agogo, ine ndabwera kudzakusambitsani inuyo."

"Wa mapazi onyowa sasambitsa munthu. Khala apo."

Anamuyanikira sokosi pahita. Kuyambira pamene Angeline anatera m'dziko la azungu lino, panalibe amene anamufunsapo ngati akuzizidwa.

Abusa ena anabwezedwa pakhomo chifukwa cha sokosi yobooka, pemphero lili m'kamwa. A Waseem a pagolosale, obadwira ku Limbe, anayesa kukana atabweretsa mkaka.

"Bwana, ine ndimasamba mapazi kasanu pa tsiku, ndisanaswali."

A Charles anaonabe, nagwedeza mutu.

"Msilikali ndiwe wekha mu Leicester yense muno."

Chisanu chitafika, a Charles anasiya kudzuka. Achibale analibe, ndipo anzawo a kunkhondo anali atatha. Tsiku lina Angeline anavundukula bulangete.

"Lero ndi ine woona. Onetsani."

Mapaziwo anali otupa, ozizira ngati mwala wa m'madzi. A Charles anawayang'ana ngati a munthu wina.

"Ameneyu sayendanso, Sajeni. Msiyeni pano, gulu lipitirire."

"Kodi inu munkawasiya m'nkhalango?"

"Ayi. Tinkanyamula."

"Ndiye khalani chete."

Angeline anafikisa mapaziwo ndi mafuta mpaka anatenthera. Anachita zimenezo m'mawa uliwonse, kufikira m'mawa umene sanatenthere.

Tsopano maluwa achikasu aphuka m'mbali mwa msewu, ndipo nyumba ija yalowa anthu ena. Basi imadutsa pakhomopo osaima. Abusa aja akuti anagula sokosi zatsopano za pamaliro, ngakhale panalibe wozifufuza.

Dzulo kunagwanso mvula. Angeline anafika kunyumba, ana ali m'zipinda ndi mafoni awo. Anakhala pamasitepe, navula nsapato, natambasula miyendo, zala zili mbuu.

Anakhala choncho kanthawi ndithu, asanakumbukire kuti akudikira ndani kuti amuone mapazi.