Tiyanjane Apita Kukafuna Katemera

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano mutu sunakhazikike, anzanga. Tsitsani zigubu za mkakazo mumve.

Mukuidziwa ng'ombe yanga Tiyanjane, ija yapoloza kawiri, pano ili ndi bele la miyezi isanu ndi iwiri. Ndiye ndikuona yaima pakhomo, yamanga chitenje, ikuti, "Mayi, valani nsapato. Wachitatuyu sinditaya. Tiyeni kwa anthu opanga katemera."

Ndiye tinakwera minibasi, iyo kutsogolo, ine pa injini. Mwadzidzidzi tili m'holo ya hotelo, anthu a majasi oyera ali mbwee, pa nsanja paima mabotolo atatu a katemera akuchita kampeni.

Loyamba likuti, "Sankhani ine! Ndakhala zaka makumimakumi. Kungoti wa bele ndikamulowa, amapoloza ndi ine ndemwe."

Lachiwiri likuti, "Ine ndinateteza mbewa khumi pa khumi!"

Tiyanjane inakweza chiboda. "Pepani, ine mukundiona ngati mbewa?"

Ndiye firiji yomwe inali pakona inatsokomola. "Musakangane," inatero. "Ine magetsi ananditsazika Lachiwiri. Katemera aliyense wolowa muno amatuluka wofunda ngati tiyi."

Botolo lachitatu linali phee, maliseche, lopanda ndi pepala lomwe. Ndinafunsa a Dokotala Chikaonda, mkulu wa kafukufuku wa katemera, kuti nanga ili? Akuti, "Limeneli ndiye labwino, mayi. Langotsala chidindo cholivomereza." Akulankhula choncho maso awo anayamba kuyenda lina uku lina uko, mwadzidzidzi ndi nanzikambe, wanyamula kalata pakamwa, akupita kukadinditsa. Mwendo umodzi m'mwamba, kuganiza kaye, kuubweza.

Ndinatembenukira kwa a Kanyumbu, alangizi athu a ziweto, kuti andiyankhulire. Ndinapeza asanduka kakowa, ayera mbuu, akwera pamsana pa Tiyanjane kuti awajambule. Wapampando wa msonkhano naye ndi fisi, tayi ili pakhosi, mutu uli m'mbale ya samusa.

Ndiye pampando wakutsogolo panakhala kanthu kakang'ono konenepa, kavala baji, kakusaina pepala la obwera. Ndinati, "Inu ndinu a bungwe liti?"

"Ine ndine kachilombo kopolozetsa ng'ombe kamene akukakambaka," kanatero mwaulemu. "Sindiphonya msonkhano. Ndipo muno monse, amene amafika m'makola mwanu ndi ine ndekha."

Holo yonse inaomba m'manja.

Mwadzidzidzi Tiyanjane yagwada, ikubuula, madzi ayamba kutsika. Ine mtima phaa, poti kubuula kumeneko ndikukudziwa, ndinakwirira kale matole awiri kuseri kwa nthochi. Ndiye m'mimbamo munamveka kamawu: "Agogo, kunjako katemera wafika?"

Ndinati, "Ali m'njira, mwanawe, gwiritsa."

"Ndigwiritse mpaka liti?"

Fisi anapukuta pakamwa. "Funso labwino kwambiri. Tiliika pa zokambirana za chaka chamawa."

Apo ndinapsa mtima. Ndinatsomphola botolo lachitatu lija, ndinagwira jakisoni pakhosi, ndikuti baya. Jakisoni anapinda singano yake ngati munthu wopinda manja. "Popanda chidindo ine sindibaya, mayi. Ndili ndi ana."

Ndiye ndinanyamula nanzikambe uja, ndinamubereka kumbuyo, liwiro kulowera ku ofesi. Makwerero akungochuluka, miyendo yalemera ngati ndaponda m'dambo, kumbuyo Tiyanjane ikuitana dzina langa. Kufika pamwamba, ndinapeza chidindo chikuwodzera pa tebulo. Ndinachigwadira, ine mayi wamkulu, kuchiombera m'manja. Chinayasamula, chinadzuka, n'kuyamba kudinda. Kho! pa tebulo. Kho! pa khoma. Kho! pachipumi pa nanzikambe. Kalata yokhayo chikuilumpha.

Ndinakuwa, "Apa! Dindani apa!"

Kho! Kho! Kho!

Kutsegula maso, kunja kwayera. Anali bambo a kunyumba, akuduladula nsenjere ndi chikwanje pa chipika.

"Ukuti ndidinde pati?" anafunsa pa windo. "Dzuka, ng'ombe yako yatha kale mtolo woyamba."